KATANGA NDI TANGANYIKA: MBIRI YA MAULENDO A KUMPOTO

Munthu akaima pa Ndola nayang'ana kumpoto, ali ndi maiko awiri patsogolo pace. Loyamba liri pafupi ndithu, kotero kuti wa pa njinga angathe kufika pa malire ace dzuwa lisanatenthe. Ndilo Congo, makamaka cigawo cace cochedwa Katanga. Laciwiri liri kutali, kumpoto ca kum'mawa, kupitirira Mpika ndi Isoka, ulendo umene kale unali wa masabata angapo poyenda pansi. Ndilo Tanganyika, limene linaphatikana ndi Zanzibar m'caka ca 1964 ndi kutenga dzina lakuti Tanzania. Kwa zaka ngati 60, kuyambira pamene msonkho unadza kufikira pamene maiko atatuwa analandira ufulu, amuna zikwi zambiri a dziko lino anayenera kulingalira kuti pa awiriwo labwino ndi liti. Sanalingalire monga acitira munthu wa ndalama wofuna kukaona malo. Funso lao linali lakuti akadya ciani, akadwala adzagonekedwa kuti, ndipo ngati adzabwerera kwao ndi kanthu m'manja.

Anthu a ku Chipata ndi Petauke kapena adzati nkhaniyi si yao, pakuti makolo ao ambiri analinga kumwera, ku Salisbury, ku Wankie ndi ku Johannesburg. Zimenezo nzoona. Koma Angoni a Mpezeni sayenera kuiwala kuti iwonso anakhalako kumpotoko. Zwangendaba ataoloka Zambezi m'caka ca 1835 anayenda kufikira dziko la Ufipa, kum'mawa kwa nyanja ya Tanganyika, namwalira komweko, ndipo mwana wace Mpezeni anacita kubwerera kumwera pambuyo pace. Ndiponso m'maofesi ndi m'makomboni a ku Katanga munali akalaliki ndi akapitao ambiri olankhula Cinyanja ndi Citonga ca ku nyanja, ocokera ku Nyasaland. Tsono munthu aliyense wokhala ku migodi ali ndi mnansi Mbemba, Mlunda kapena Mmambwe amene agogo ace anayenda njira zimenezi.

Malire asanalembedwe, maiko awiriwa anali omangika pa cingwe cimodzi ca malonda. Anthu a ku Katanga anali kusungunula mkuwa m'ng'anjo zadothi kwa zaka mazana ambiri Mzungu asanaoneke, nauumba ngati mitanda, imene inayenda kutali monga ndalama. Mbiri ya mkuwawo inakoka munthu wina wa ku Unyamwezi, pakati pa Tanganyika, dzina lace Msiri. Iyeyu anadza ngati wamalonda, koma pokhala ndi mfuti anasanduka mfumu yaikuru, namanga mudzi wace pa Bunkeya, kumene anatumiza mkuwa, minyanga ndi akapolo ku nyanja ya kum'mawa ndi ya kumadzulo komwe. M'caka ca 1890 Alfred Sharpe, amene pambuyo pace anakhala Bwanamkubwa wa Nyasaland, anafika kwa Msiri ndi pepala la pangano la Cecil Rhodes, koma mfumuyo inakana kuikapo dzanja. Caka cotsatira kunadza gulu lina lotumidwa m'dzina la Leopold, mfumu ya Belgium, ndipo pa 20 December, 1891, Captain Bodson anaombera Msiri namupha, iyenso nalasidwa bala la imfa pomwepo. Katanga anagwa m'manja mwa Leopold tsiku limenelo. Pangano la 1894 linalemba malire, nasiya mwendo wa Congo umene ulowa pakati pa Copperbelt ndi Luapula. Alamba, Alala, Aushi ndi Alunda anadzuka m'mawa napeza kuti abale ao a tsidya la mtsinje ali a boma lina.

Nchito yaikuru ya mkuwa inayamba ku Katanga zaka 20 isanayambe kuno, ndipo ici ndico cinatsegula njira ya kumpoto. Kampani ya Union Minière inakhazikitsidwa m'caka ca 1906. Njanji yocokera kumwera inafika pa Broken Hill, ndiye Kabwe wa lero, m'caka comweco, nipitirira kufika ku Elisabethville, amene tsopano ndi Lubumbashi, m'caka ca 1910. Ndipo mkuwa woyamba unatuluka m'ng'anjo ya Lubumbashi m'caka ca 1911. Koma Katanga linali dziko la anthu owerengeka, midzi iri patalipatali. Migodi ya Star, Kambove ndi Likasi inafuna manja ambiri ogwira piki ndi fosholo, ndipo manjawo anali tsidya lino la Luapula, kumene boma la kampani ya Rhodes linali litaika msonkho pa anthu osowa kokagulitsa mapira ao. Robert Williams, bwenzi la Rhodes, amene anali ndi gawo mu Union Minière, anatuma anthu ace kukalemba cibalo kwa Abemba, Aushi, Alunda ndi mitundu yina ya kumpoto kwa dziko lino. Olembedwawo anayenda pansi m'magulu, kapitao patsogolo, mphika ndi bulangeti pamutu. M'zaka za nkhondo yoyamba ya Majeremani ndi pang'ono pambuyo pace, gawo lalikuru la anchito a Union Minière linali la anthu a ku Northern Rhodesia.

Zaka zoyambazo zinali zoipa, ndipo palibe cifukwa cozikometsera. Dziko la Katanga liri pamwamba, ndipo usiku wa June ndi July kuzizira koopsa. Munthu wofika wotopa ndi ulendo, wobvala nsaru imodzi, anagona m'msasa wa udzu pamodzi ndi anzace ambiri. Cibayo, kamwazi ndi malungo a nkhufi zinatha anthu. Phoso linali losakwanira ndi losazolowereka, madzi anali oipa, ndipo m'caka ca 1918 nthenda ya fuluwenza inalowa m'makomboni nisesa. Boma la Angerezi linafika poika munthu wace ku Elisabethville woyang'anira za anthu a ku Rhodesia. M'midzi ya ku Luapula akazi analira maliro a amuna amene manda ao sanawaone. Komabe anyamata sanaleke kupita, pakuti msonkho sunadikire munthu, ndipo wobwerako ndi nsaru, mkanda ndi jekete anali kuyambutsa mitima ya anzace otsala.

Pakati pa 1926 ndi 1928 kampaniyo inasintha nzeru, ndipo apa ndi pamene Katanga anatengera mbiri yace yabwino. Akuru a kampani anawerenga napeza kuti kulemba munthu watsopano miyezi ingapo iriyonse, kumphunzitsa nchito, kenaka kumtaya ku imfa kapena kumuona akuthawa, kunali kuononga ndalama. Ndiponso ndalama ya Belgium inali itacepa mphamvu, kotero kuti munthu wa ku Rhodesia, amene msonkho wace unali wa masheleni, sanapindule monga kale. Ndipo migodi yatsopano ya Luanshya, Nkana ndi Mufulira inayamba kuitana anthu omwewo. Tsono, motsogozedwa ndi sing'anga wa kampani Dr Mottoulle, anaganiza zoweta anthu ao-ao. Anakalemba anchito ku Kasai, ku Lomami ndi ku Ruanda-Urundi, pa pangano la zaka 3. Wokwatira anauzidwa kuti adze ndi mkazi wace, ndipo mbeta yamwamuna inathandizidwa cuma ca malowolo kuti ikatenge mkazi kwao. Anamanga nyumba za njerwa, zipatala ndi nyumba zocirira akazi. Mkazi analandira phoso lace, ana lao. Ufa, nyama, nsomba, mafuta ndi mcere zinaperekedwa pa muyeso. Ansembe a Katolika anapatsidwa masukulu a m'makomboni. Imfa zinacepa, ana obadwa anacuruka, ndipo komboni inayamba kuoneka ngati mudzi.

Cinthu cina cinapweteka kwambiri mitima ya amigodi a kuno akamva za kumeneko. Ku Katanga munthu wakuda anali kuyendetsa injini ya sitima, kugwira makina akuru okumbira, ndi kucita nchito za umisiri wa zitsulo. Ku Copperbelt nchito zotere zinali zotsekedwa ndi bungwe la amigodi Acizungu, limene linayamba m'caka ca 1936, ndipo zina za izo sizinatseguke kufikira pangano la 1955. Azungu a Copperbelt akanena kuti munthu wakuda sangathe makina, yankho linali pafupi, mamailosi owerengeka kupitirira Sakania.

Koma walira mvula walira matope. Kampani inasamala munthu monga mlimi wanzeru asamala ng'ombe yace ya pa goli: idye, ikhute, ibale, koma isasankhe yokha kolowera. Cikoti ca cikopa ca mvuu cinali m'malamulo a dzikolo kwa zaka zambiri. Munthu sanathe kucoka m'boma lace popanda citupa ca ulendo, ndipo usiku wakuda sanaloledwe m'mzinda wa Azungu. Sukulu zoyamba zinali zambiri, koma makwerero ace anathera m'munsi. Kunalibe sukulu ya ukacenjede kufikira 1954, ndipo masankho oyamba a m'mizinda anacitika mu December, 1957. Boma linakaikira makamaka alendo odziwa kuwerenga Cingerezi, powaganizira kuti ndiwo obweretsa ciphunzitso ca Watch Tower, cimene kumeneko acicha Kitawala. Ndipo mantha amenewa anakula pambuyo pa Tomo Nyirenda, wochedwa Mwana Lesa, amene anamiza anthu m'madzi kwa Alala ndi tsidya la Congo m'caka ca 1925, napacikidwa ku Broken Hill mu 1926. Pamene mtengo wa mkuwa unagwa m'zaka za 1930 ndi 1931, oyamba kucotsedwa nchito ndi kubwezedwa pa malire anali alendo a maiko a Angerezi, ngakhale ena amene anakhala kumeneko zaka zambiri. Cibalo ca Katanga m'dziko lino cinathera pamenepo.

Za mphamvu ya dzanja limene linali kugawa phoso, zinaoneka poyera mu December, 1941. Mitengo ya zinthu inakwera cifukwa ca nkhondo, ndipo anchito a Union Minière anacita sitalaka, kuyambira ku Jadotville, ndiye Likasi wa lero, kufikira ku Elisabethville. Pa 9 December anasonkhanitsidwa pa bwalo la mpira, ndipo asilikari anaombera khamulo. Akufa anali makumi angapo, kuposa onse amene anaphedwa pa Luanshya mu 1935 ndi pa Nkana mu 1940 powaphatikiza pamodzi. Kuno mwazi wa pa Nkana unatsegula njira imene inafikitsa amigodi ku bungwe lao la 1949, lotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu. Ku Katanga mabungwe a anchito akuda anakhala omangidwa manja ndi malamulo kufikira pafupi ndi tsiku la ufulu.

Tanganyika linali dziko la mtundu wina. Poyamba linali la Majeremani, ndipo anthu a ku Mbala ndi Kasama analidziwa ngati kocokera nkhondo, pakuti ambiri a iwo anasenza akatundu a asilikari m'zaka za 1914 mpaka 1918, ndipo kazembe wa nkhondo von Lettow-Vorbeck analowa m'dziko lino, namva za kutha kwa nkhondo ali pa mtsinje wa Chambeshi, nakapereka zida zace pa Abercorn, ndiye Mbala, pa 25 November, 1918. Pambuyo pace Angerezi analisunga dzikolo m'dzina la bungwe la maiko onse. Linali dziko lalikuru ndi losauka, lopanda kampani yamphamvu ngati Union Minière, ndipo kwa nthawi silinaitane munthu.

Cimene cinaitana anthu ndi golidi. Anapezeka m'mcenga wa mtsinje wa Lupa, kumpoto kwa Mbeya, m'caka ca 1922, koma kwa zaka zingapo okumba anali owerengeka. Zinthu zinasintha m'caka ca 1931, pamene mtengo wa golidi unakwera nthawi yomweyo imene wa mkuwa unagwa. Ku Copperbelt anchito akuda anali oposa 30,000 m'caka ca 1930, koma pofika kumapeto a 1932 sanakwane 8,000. Katanga anali atatseka citseko. Amuna a Cibemba, Cimambwe ndi Cinamwanga, pamodzi ndi a kumpoto kwa Nyasaland, anatembenuka nalinga ku Lupa zikwi zambirimbiri. Panalibe wowalemba m'midzi, panalibenso pangano la zaka. Munthu anangomanga kamba wace, napita pansi kupyola Tunduma, nakafuna yekha bwana pakati pa misasa ya ku Chunya.

Mabwana a ku Lupa sanali kampani iai. Anali mazana a Azungu osiyanasiyana, Angerezi, Mabunu, Majeremani ndi Agiriki, ambiri a iwo anthu ogwa pa malonda kapena pa ulimi, okhala ndi hema, mabeseni otsukira mcenga ndi ngongole ku sitolo ya Mmwenye. Wina anali ndi anchito 10, wina 50. Mwezi umene golidi anaoneka m'beseni, malipiro anaturuka, ndi basela pamwamba. Mwezi umene sanaoneke, bwana anati dikirani, ndipo nthawi zina m'mawa anchito anapeza hema litazulidwa, mwini atapita ndi malipiro ao a miyezi iwiri. Dzikolo ndi louma, la miyala ndi minga. M'cilimwe madzi anasowa, ndiwo zamasamba kunalibe, ndipo anthu odya ufa wokhawokha anagwidwa ndi nthenda yotupitsa nkhama ndi kugwedeza mano, zironda zosapola ziri m'miyendo. Cipatala cinali kutali ndi cosakwanira khamulo. Poyerekeza ndi komboni ya njerwa ya ku Likasi ya zaka zomwezo, msasa wa ku Lupa unali ngati khola la mbuzi.

Nanga anthu anakonderanji kumeneko? Cifukwa coyamba ncodziwika, kuti kwina kunalibe nchito. Koma panali cifukwa cinanso, cimene akuru a maboma anacedwa kucimvetsa. Ku Lupa munthu anali mwini wa miyendo yace. Bwana akakhala wankhanza, wanchito anatha tikiti yace ya masiku 30, nasenza mphasa, nakalowa kwa wina tsidya la phiri. Mvula ikayandikira anabwerera kwao kukatema mitengo ya munda, nadzanso m'malimwe. Kwa Amambwe ndi Anamwanga Lupa sinali kwa eni konse, pakuti malire anadula pakati pa mitundu yao, ndipo m'njira anagona kwa abale. Munthu wa ku Katanga anakhuta, koma mudzi wace unamtaya nakhala mchona. Wa ku Lupa anaonda, koma munda wace sunagone.

Golidi wa mumcenga anayamba kutha nkhondo yaciwiri isanayambe, ndipo pambuyo pace njira ya Tanganyika inatalika kufikira ku minda ya khonje ya ku Tanga, Korogwe ndi Morogoro, pafupi ndi nyanja yamcere. Khonjelo analibweretsa ndi Mjeremani wina, Richard Hindorf, m'caka ca 1893, ndipo linakhala cuma cacikuru ca dzikolo. Eni minda anapanga bungwe lao lolemba anchito m'caka ca 1944, limene linanyamula anthu pa malole kucokera ku malire. Ena anakwera sitima ya pamadzi ya Liemba pa Mpulungu kufikira Kigoma, nakwera njanji kumeneko. Anchito otere anawacha manamba, ndiko kuti anthu a manambala, ndipo dzinalo silinali laulemu. Kudula khonje ndi nchito ya minga ndi kutentha, malipiro ace ocepa poyerekeza ndi a pa mgodi wa Nkana kapena Nchanga. Cifukwa cace kuyambira pamene Copperbelt inadzukanso, mnyamata wofuna ndalama zenizeni sanayang'anenso kumpoto kulikonse, anadza kuno.

Otsala pa njira za kumpoto anali amalonda ndi ocezera abale, ndipo kwa iwo Katanga anapambana kutali. Asodzi a ku Mweru ndi Luapula anagulitsa nsomba zao kwa Agiriki a pa Kasenga, zimene zinapita pa malole kukadyetsa makomboni a Union Minière. Elisabethville wa zaka za 1950 unali mzinda wa misewu yotakata, magetsi, mabara ndi zobvala zokongola, ndipo mnyamata wa ku Mufulira wopitako pa chuti anabwera ndi nsaru za akazi, nsapato zosongoka ndi kayendedwe kacilendo. Anabweranso ndi nyimbo. Jean Bosco Mwenda, woimba gitala amene Hugh Tracey anamjambula mau ku Jadotville m'caka ca 1952, anaphunzitsa zala za anyamata ambiri a kuno amene sanamuone ndi maso. Mbeya wa nthawi imeneyo anali kamzinda ka pfumbi, ndipo Dar es Salaam anali kutali kosafikika. Cokhaco cimene maiko awiriwa anafanana ndi cinenero: wophunzira Ciswahili m'komboni ya Lubumbashi anatha kugula ndi kufunsa njira ku Mbeya, ngakhale a kumeneko anamseka kuti alankhula mokhota.

Munthu akadafunsidwa m'caka ca 1958 kuti ndi dziko liti la awiriwa liri ndi tsogolo, akadaloza Congo wosakaika. Zaka ziwiri zokha zinatembenuza zonse. Congo analandira ufulu pa 30 June, 1960, ali ndi anthu ophunzira kwambiri owerengeka pa zala, ndi asilikari opanda mkuru wakuda ndi mmodzi yemwe. Asilikariwo anaukira patapita masiku ocepa, ndipo pa 11 July Moïse Tshombe analengeza kuti Katanga wapatuka, Union Minière iri kumbuyo kwace. Anthu a ku Ndola ndi Kitwe anaona ndi maso magalimoto a Azungu a ku Belgium akuthawira kuno, akatundu ali pa denga. Patrice Lumumba anaphedwa pafupi ndi Elisabethville pa 17 January, 1961. Dag Hammarskjöld, mlembi wamkuru wa United Nations, anafa pa ngozi ya ndege pafupi ndi Ndola mu September caka comweco, ali pa ulendo wokakomana ndi Tshombe. Ndipo nkhondo inamenyedwa m'misewu yokongola ija kufikira January, 1963.

Tanganyika, dziko lija la misasa ndi manamba, linalandira ufulu pa 9 December, 1961, popanda nkhondo. Umphawi wace unalithandiza pang'ono, pakuti munalibe cuma cokoka mafisi. Ndiponso pokhala dziko losungidwa m'dzina la United Nations, Angerezi anayenera kufotokoza caka ndi caka za kasungidwe kao, ndipo Julius Nyerere, amene anayambitsa TANU mu 1954, anatha kukalankhula yekha ku New York m'caka ca 1955, nthawi imene ku Congo cipani ca ndale cinali cisanaloledwe. Ciswahili cinamanga mitundu yoposa 100 kukhala anthu amodzi. Asilikari a kumeneko nawonso anaukira mu January, 1964, koma zinatha m'masiku ocepa. Atsogoleri a UNIP pomenyana ndi Federation anapeza ku Dar es Salaam nyumba, ofesi ndi wailesi.

Ubwenziwo unayesedwa posacedwa. Ian Smith atalanda ulamuliro wa Rhodesia pa 11 November, 1965, mafuta a galimoto analeka kubwera kucokera kumwera, ndipo Zambia anapulumukira pa msewu wa kumpoto, womwe uja wa anthu a ku Lupa. Unali wadothi, wa matope m'dzinja ndi pfumbi m'cilimwe, ndipo madalaivala ambiri onyamula migolo ya petulo anafera pamenepo. Ndico cifukwa anaucha Hell Run. Paipi ya mafuta yocokera ku Dar es Salaam inafika pa Ndola mu 1968. Njanji ya TAZARA, ya mamailosi oposa 1,100, inamangidwa ndi thandizo la China kuyambira 1970, nifika pa Kapiri Mposhi mu 1975, caka comweco cimene njanji ya Benguela, yodzera ku Katanga kunka ku Lobito, inatsekedwa ndi nkhondo ya ku Angola. Sikuti Tanzania anasanduka dziko la mkaka ndi uci. M'zaka za 1973 mpaka 1976 anthu mamiliyoni anasamutsidwira m'midzi ya ujamaa, ambiri mosafuna, ndipo itatha nkhondo yocotsa Idi Amin mu 1979, m'masitolo munasowa sopo ndi shuga. Koma munthu anagona m'nyumba mwace wosamvera kulira kwa mfuti.

Ku Katanga mabvuto anatsatana. Boma la Mobutu linatenga migodi ya Union Minière poyamba pa 1967, ndipo kampani yatsopano, imene inadzachedwa Gécamines, inapitiriza kwa nthawi mwambo wa phoso, sukulu ndi cipatala, kotero kuti anchito anaiyesa atate ndi amai ao. Kolwezi anaona nkhondo mu 1978. Mgodi waukuru wa Kamoto unagumuka mu 1990, mkuwa unatsika koopsa, malipiro analeka, ndipo mabanja amene kwa mibadwo itatu sanadziwe khasu anatsala manja ali m'khosi. Coipitsitsa cinadza mu 1992 ndi 1993, pamene andale anautsa anthu kuti apitikitse a ku Kasai. Opitikitsidwawo anali ana ndi adzukulu a anthu aja amene kampani inakawatenga ndi akazi ao m'zaka za Dr Mottoulle. Anabadwira ku Likasi ndi ku Kolwezi, ndipo anaunjikana pa masiteshoni miyezi yambiri, akufa ndi njala ndi matenda, kudikira sitima yopita ku dziko limene ambiri a iwo anali asanalione. Kuyambira 1999 othawa nkhondo yina ya ku Congo analandiridwa m'misasa ya Mwange ndi Kala, m'maboma a Mporokoso ndi Kawambwa, m'dziko lomwe lija limene kale linatumiza anyamata ace ku cibalo.

Masiku ano migodi ya kumeneko inadzukanso m'manja mwa makampani a maiko ena, makamaka a ku China. Congo aturutsa mkuwa woposa wa Zambia kangapo, ndiponso gawo lalikuru la kobalti wa pa dziko lonse lapansi. Ndipo m'mphepete mwa migodi yaikuru anthu zikwi zambiri akumba ndi manja m'maenje oopsa, monga anacitira a ku Lupa. Cigawo ca Katanga cinagawidwa panai m'caka ca 2015, koma mizinda yace idyabe ufa wambiri wocokera kuno, woloka pa Kasumbalesa m'malole ndi pa njinga. Mkuwa wambiri wa ku Kolwezi uturukira pa cipata comweco, nudzera pa Chingola, Kitwe ndi Kapiri Mposhi, nukwera msewu wa kumpoto kufikira Nakonde ndi Tunduma, kunka ku doko la Dar es Salaam. Madalaivala ace, a maiko onse atatu, agona masiku angapo pa mzere wa pa malire, naphika nsima pa mbaula pansi pa malole ao.